Timadontho timene timadikira sikani kuti tisanduke thovu

A Mbewe: Moni nonse a pa gulu lino. Ine ndimaphunzitsa fizikisi ku sekondale, ndipo pamene ndimakonza phunziro la kuwira kwa zinthu zamadzimadzi ndinakumana ndi nkhani ya ofufuza amene amabaya timadontho tating'onoting'ono ta mankhwala m'mitsempha ya magazi, kenaka n'kutiwomba ndi mafunde a ultrasound, amtundu womwewo wa makina a sikani, kuti tisanduke tithovu ta mpweya pamalo pokhapo pamene iwo akufuna. Dzina lake m'mabuku ndi acoustic droplet vaporization. Chimene chandiimitsa mutu ndi chakuti mankhwala amene akutchulidwa kwambiri, perfluoropentane, amawira pa madigiri 29, pamene thupi la munthu limatentha madigiri 37. Ana anga ndimawauza kuti chamadzimadzi chikapitirira mlingo wake wowirira chimasanduka nthunzi. Nanga timadontho timeneti timadikira chiyani m'thupi lotentha kale? Kodi sitikadayenera kuphulika jakisoni akangolowa?

Nankhoma: Aphunzitsi, funso lanulo ndilisiyira odziwa fizikisi, koma monga wojambula sikani ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake anthu akulimbana ndi thovu, poti enanu mungadabwe. Makina athu amatumiza mafunde m'thupi n'kumvetsera amene abwerera. Magazi sabweza mafunde ambiri, n'chifukwa chake mtsempha umaoneka wakuda pa chithunzi. Kathovu ka mpweya n'kosiyana, chifukwa kamafinyika ndi kufufuma motsatira mafundewo, ndipo kamabweza phokoso lalikulu kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Zimenezi anaziona Gramiak ndi Shah ku Rochester m'chaka cha 1968, atabaya zamadzimadzi mu mtima wa wodwala n'kuona chithunzi chikuwala. Lero kuli tithovu topangiratu togulitsidwa m'timabotolo, monga Optison, Definity, SonoVue ndi Sonazoid. Vuto lake ndi lakuti sitikhalitsa m'magazi, timatha m'mphindi zowerengeka, komanso n'tatikulu mofanana ndi maselo ofiira a magazi kapena kucheperako pang'ono, choncho sitingatuluke m'mitsempha kupita m'minofu. Kadontho kamadzimadzi kangathe kupangidwa kakang'ono kwambiri kuposa apo, ndipo kamayenda mwakachetechete mpaka kadzutsidwe.

Chisale: Zikomo achemwali potiyalira mphasa. Aphunzitsi, yankho limene linkaperekedwa poyamba mukulidziwa kale, kungoti simunaliganizire pa chinthu chaching'ono chotere. Mlingo wowirira sukhazikika pamodzi, umatsatira mphamvu imene ikupanikiza chamadzimadzicho. Kadontho kozungulira kamafinyidwa ndi khungu lake lomwe, ndipo lamulo la Laplace limanena kuti kupanikiza kwa m'kati kumakula pamene kadonthoko kakuchepa: mukachepetsa msinkhu wake ndi theka, kupanikizako kumawirikiza kawiri. Pa dontho la mvula zimenezi n'zosaoneka, koma pa kadontho ka micrometre imodzi, ndiye kuti milimita imodzi yogawidwa ka 1,000, kupanikiza kowonjezerako kungafanane ndi kupanikiza kwa mpweya wa m'mlengalenga. Ofufuza amakutanso kadontho kalikonse ndi chikopa cha mafuta a lipid, kapena puloteni ya albumin, kapena polymer, kuti timadontho tisalumikizane n'kukhala dontho lalikulu.

A Mbewe: Ndiye kuti ndi poto wa pulesha wamng'ono kwambiri. Chitsanzo chimene ndimapereka m'kalasi ndi cha pa Sapitwa, pa mamita 3,002, pamene madzi amawira pafupifupi pa madigiri 90 chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Apa tangotembenuza nkhani. Ndamva, achimwene.

A Gondwe: Musafulumire kutseka nkhaniyo, aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito ya zamankhwala, ndipo pali chimodzi chimene sichikugwirizana ndi poto wanuyo. Cha m'ma 2011, Paul Sheeran ndi Paul Dayton a ku University of North Carolina, pamodzi ndi Terry Matsunaga wa ku University of Arizona, anapeza njira yopangira timadontho kuchokera ku tithovu: amatenga tithovu tokutidwa kale, n'kutiziziritsa ndi kutipanikiza mpaka mpweya wa m'kati usanduke wamadzimadzi. Mankhwala amene ankagwiritsa ntchito ndi perfluorobutane, amene amawira pafupifupi madigiri 2 kunsi kwa ziro, ndipo pambuyo pake anayesanso octafluoropropane, amene amawira madigiri pafupifupi 37 kunsi kwa ziro. Timadontho ta perfluorobutane timakhalabe tamadzimadzi pa kutentha kwa thupi, kutanthauza kuti tapitirira mlingo wake ndi madigiri pafupifupi 39. Kodi khungu la lipid, limene ntchito yake ndi kuchepetsa kukokana kwa pamwamba pa kadontho, lingapanikize mpaka pamenepo? Ine sindikukhulupirira.

Chisale: Bambo Gondwe, mwandigwira pabwino, ndipo ndikuvomera kuti ndinanena theka la nkhani. Kuwira kumafuna poyambira. Madzi a mu ketulo amayamba kutulutsa thovu pansi ndi m'mbali, m'timing'alu ta chitsulo ndi pa tizinyalala momwe mwabisala mpweya, osati pakati pa madzi. Kadontho ka perfluorocarbon, lomwe ndi dzina la gulu la mankhwala onse tatchulawa, n'koyera, kosalala mbali zonse, ndipo kalibe mng'alu ngakhale umodzi, choncho kathovu koyamba kayenera kubadwa kokha pakati pa mamolekyu, chinthu chimene chimafuna mphamvu yochuluka zedi. Kathovu kongobadwa kamakhala kakang'ono kwambiri moti khungu lake limakafinya n'kukabwezera ku madzimadzi kasanakule. Gulu la Mark Borden ku University of Colorado linasonyeza cha m'ma 2015 kuti timadontho totere timawira tokha tikafika pafupifupi pa 90 peresenti ya kutentha kotchedwa critical temperature, kumene chinthu chikakupitirira sichingakhalenso chamadzimadzi ngakhale muchipanikize bwanji, powerengera pa sikelo ya Kelvin, imene imayambira pa madigiri 273 kunsi kwa ziro. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kwa perfluorobutane mlingowo ndi madigiri 113, amene ndi 386 pa Kelvin, ndipo 90 peresenti yake ndi pafupifupi 348, kutanthauza madigiri 75, kutali ndi kutentha kwa thupi. Kwa octafluoropropane mlingowo ndi madigiri 72, amene ndi 345 pa Kelvin, ndipo 90 peresenti yake imagwera pafupifupi pa madigiri 37. N'chifukwa chake timadontho ta octafluoropropane timadzuka ndi kamphamvu kochepa kwambiri, komanso n'chifukwa chomwecho timavuta kusamala, popeza tili kale m'mphepete mwa phompho. Kupanikiza kwa Laplace kumathandizako, koma chimene chikugwira kadonthoko kwenikweni ndi kusowa kwa poyambira.

A Mbewe: Masamu amenewa andisangalatsa kuposa poto uja, chifukwa mwana wa Fomu 4 angawachite yekha. Andikumbutsanso za bubble chamber ya Donald Glaser, amene mu 1952 anagwiritsa ntchito zamadzimadzi zotenthetsedwa kupitirira mlingo wake kuti aone njira ya tizidutswa ta maatomu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1960. Kodi pali ubale?

Chisale: Ubale ulipo, ndipo ndi wapafupi. Robert Apfel wa ku Yale anatenga ganizo la Glaser n'kuligawa m'timadontho tambirimbiri toikidwa mu jelo, ndipo mu 1979 anafotokoza chipangizo choyezera ma neutron chimene kadontho kalikonse kakagundidwa kamasanduka kathovu koti munthu angakaone ndi kukawerenga. Apfel yemweyo ndiye anadzaganiza kuti timadontho totere tingabayidwe m'thupi n'kudzutsidwa kuchokera kunja. Dzina lakuti acoustic droplet vaporization linadziwika ndi pepala la m'chaka cha 2000 la Oliver Kripfgans, Brian Fowlkes, Paul Carson ndi anzawo ku University of Michigan, yunivesite yomweyo imene Glaser anapangirako chipangizo chake. Kwa Glaser poyambira ankapereka ndi kachidutswa ka atomu, pamene kuno akupereka ndi funde. Funde la phokoso lili ndi mbali ziwiri, ina yofinya ndi ina yokoka, ndipo mbali yokokayo ikafika pa mphamvu yokwanira imatsitsa kupanikiza kwa m'kati mwa kadontho kwa kanthawi kochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, kathovu n'kubadwa, kadontho konse n'kutsatira.

Mayi Nabanda: Pepani kuti ndikulowererani, abambo ndi amayi, koma ine zimene mukukambiranazi zikundichititsa nthumanzi. Ndakhala namwino kwa zaka zambiri, ndipo chinthu choyamba chimene tinaphunzitsidwa, chimenenso ndimawakalipira nacho ophunzira athu, ndi kuchotsa mpweya mu sirinji ndi mu chubu cha diripi tisanalumikize kwa wodwala. Mpweya mu mtsempha umatseka njira ya magazi, ndipo ukachuluka umapha. Tsopano mukundiuza kuti kuli anthu ophunzira amene akupanga dala thovu m'magazi a munthu. Kodi kathovuko kamakula kufika pati, ndipo kakatha ntchito yake kamapita kuti?

A Gondwe: Mayi, mantha anu ali ndi maziko, ndipo manambala akuvomerezani. Mililita imodzi ya perfluoropentane imalemera magalamu pafupifupi 1.6, ndipo ikasanduka mpweya pa kutentha kwa thupi imadzaza mamililita oposa 140. Pa kadontho kozungulira zimenezi zikutanthauza kuti m'mimba mwake mumakula pafupifupi kasanu. Kadontho ka nanometre 200, ndiye kuti micrometre imodzi yogawidwa kasanu, kamabala kathovu ka pafupifupi micrometre imodzi, kamene kamadutsa bwinobwino m'timitsempha tating'ono kwambiri ta m'thupi, timene m'mimba mwake ndi micrometre 5 mpaka 10. Koma kadontho ka micrometre 5 kamabala kathovu ka micrometre 25, ndipo kathovuko kamayamwanso mpweya wosungunuka m'magazi n'kuwonjezera msinkhu, moti kamakhala chitsekerero chenicheni. Choncho nkhani yonse yagona pa kusefa timadontho kuti tikhale ta msinkhu umodzi, chifukwa towerengeka tatikulu tosakanikira ndi timene tingavulaze, makamaka m'mapapo. Za kumene kamapita, mankhwala a perfluorocarbon thupi siliwagaya, amatuluka kudzera m'mapapo popuma. Ndiwonjezere kuti ngakhale tithovu togulitsidwa tija, bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linalamula mu 2007 kuti Definity ndi Optison zilembedwe chenjezo lamphamvu la mavuto a mtima ndi mapapo, ngakhale kuti pambuyo pake chenjezolo linafewetsedwa.

Chisale: Ndipo kutseka mtsempha kumene mukukuopako, mayi, ena akukufuna dala. Limodzi mwa maganizo oyamba a ku Michigan, limene Joseph Bull analifufuza kwa zaka zambiri, linali lakuti timadontho tiyende thupi lonse tili tamadzimadzi, koma tidzutsidwe mu mtsempha umene ukudyetsa chotupa cha khansa, kuti chotupacho chisowe magazi. Madokotala amachita kale zofanana ndi zimenezi pa khansa ya chiwindi polowetsa kachubu mu mtsempha n'kuthiramo timikanda totseka njira. Kusiyana kwake ndi kwakuti kuno kachubu sikafunika kufika pa chotupa, chimene chimasankha malo ndi funde.

Mayi Nabanda: Ndamva, koma sindinakhutire. Timikanda dokotala amationa kumene watiika ndipo timakhala pomwepo. Kathovu kangathe kusuntha, kusweka, kapena kulumikizana ndi kanzake. Ndikadakonda kumva kuti zimenezi zayesedwa pa anthu, osati pa makoswe okha.

Nankhoma: Tisanafike pa anthu, ndifunseko za makina, poti ndi pamene pali ine. Makina athu ojambulira amagwira ntchito pakati pa megahertz 2 ndi 15, ndiye kuti mafunde 2 miliyoni mpaka 15 miliyoni pa sekondi, ndipo pa sikirini pamakhala nambala yotchedwa mechanical index, yosonyeza ngozi yakuti mafunde abweretse thovu m'thupi, imene siyenera kupitirira 1.9. Tinaphunzitsidwa kuti mafunde a megahertz otsika ndi amene ali ndi ngozi yaikulu yobweretsa thovu m'minofu, n'chifukwa chake nambalayo imatsika pamene megahertz akukwera. Koma ndawerenga kuti timadontho ta micrometre timadzuka mosavuta mafunde akakhala okwera. Zimenezi zikutsutsana ndi zimene ndinaphunzira, ndipo ndikufuna kudziwa amene akulakwitsa.

Chisale: Palibe akulakwitsa, achemwali, ndipo funso lanulo linazunguza ofufuza kwa zaka zoposa khumi. Analimasula ndi Oleksandr Shpak, Michel Versluis ndi anzawo a ku University of Twente ku Netherlands, mu pepala la 2014. Iwo anajambula timadontho ndi kamera yotchedwa Brandaris, imene imatha kutenga zithunzi mpaka 25 miliyoni pa sekondi, ndipo anaona kuti kathovu koyamba sikabadwira paliponse, kamabadwira malo amodzimodzi m'kati mwa kadontho, chakumbali pang'ono, ngati pali china chimene chikulozera pamenepo. Chifukwa chake ndi chakuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi m'minofu, koma mu perfluoropentane limayenda mamita ongopitirira 400, motero kadontho kamakhala ngati galasi lija ana amasonkhanitsira dzuwa kuti awotche pepala. Komabe galasi silingasonkhanitse funde lalitali kuposa ilo, ndipo funde la megahertz 5 ndi lotalika micrometre pafupifupi 300, pamene kadontho ndi ka micrometre 10 kapena kucheperapo. Apa ndi pamene pali chinsinsi. Funde lamphamvu likamayenda m'madzi kapena m'minofu limapindika maonekedwe, chifukwa mbali yofinya imathamanga kuposa mbali yokoka, ndipo kupindikako kumabala mafunde ena aafupi, a megahertz owirikiza kawiri, katatu mpaka kakhumi ndi kupitirira. Aafupiwo ndi amene kadontho kamatha kuwasonkhanitsa. Mukakweza megahertz, mafunde aafupiwo amachuluka ndi kufupikirabe, ndipo kadontho kamadzikokera kokha mphamvu imene ikukadzutsa.

Nankhoma: Ndiye kuti kadontho kakachepa kwambiri galasilo limasiya kugwira ntchito.

Chisale: Ndendende, ndipo apa ndi pamene ntchito yonseyi yamangika miyendo. Timadontho tating'ono kwambiri ndi timene tili totetezeka ndipo tingathe kutuluka m'mitsempha, koma ndi timenenso timafuna mphamvu yaikulu kuti tidzuke, nthawi zina yopitirira malire a makina ojambulira. Mukasankha mankhwala owira msanga kuti mphamvuyo itsike, timadontho timayamba kudzuka tokha kumalo kumene simunatitume. Ofufuza ambiri amatha zaka akusakaniza mankhwala awiri kapena kusintha chikopa pofunafuna pakati pa ziwirizi.

A Gondwe: Pa kutuluka m'mitsemphako ndiikepo chikayiko changa. Chiyembekezocho chinachokera pa zimene Matsumura ndi Maeda a ku Japan anafotokoza mu 1986, zoti mitsempha ya m'zotupa imakhala yobooka moti tinthu ta nanometre mazana angapo timadutsa n'kuunjikana mu chotupa. Natalya Rapoport wa ku University of Utah anaika mankhwala a khansa a paclitaxel m'timadontho totere, ndipo pa mbewa za mu labotale zotupa zinkafota akaziwomba ndi ultrasound. Koma chotupa chobzalidwa pa mbewa chimakula m'masabata ochepa ndipo mitsempha yake imakhala yosalimba, pamene cha munthu chimakula pang'onopang'ono, ndipo kubooka kwake kumasiyana kwambiri pakati pa wodwala ndi wodwala. Mankhwala ambiri a timadontho ndi tinthu tina tating'ono amathera m'chiwindi ndi m'kapamba, kumene maselo achitetezo amawameza. Ine ndimaona kuti ntchito zimene zili ndi tsogolo lapafupi ndi zimene sizidalira kubookako, monga zimene Tyrone Porter anasonyeza ku Boston University, kuti tithovu tobadwira pamalo timathandiza mafunde amphamvu kutenthetsa ndi kupha chotupa mofulumira, kapena zimene Mario Fabiilli akuchita ku Michigan poika timadontho mu jelo ya fibrin yobzalidwa m'thupi, kuti mankhwala okulitsa mitsempha azituluka tsiku limene dokotala wasankha.

Mayi Nabanda: Bambo Gondwe, funso langa la anthu lija lidakali chiimire.

A Gondwe: Sindinaiwale, mayi. Perfluoropentane yalowapo kale m'mitsempha ya anthu. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Sonus ku America inapanga EchoGen, timadontho ta mankhwala omwewa, koma tinkasandutsidwa thovu mu sirinji pokoka mwamphamvu tisanabayidwe, osati ndi mafunde. Analoledwa ku Ulaya mu 1998 koma sanakhalitse, ndipo ku America sanavomerezedwe. Chimene chayandikira kwambiri zimene tikukambiranazi ndi njira ya kampani ya ku Oslo ku Norway, imene tsopano ikutchedwa Exact Therapeutics. Iwo amamatiza kadontho ku kathovu ka Sonazoid pogwiritsa ntchito mphamvu za magetsi zotsutsana za zikopa zawo, kuti kathovuko kakhale poyambira paja a Chisale amanena, ndipo motero makina wamba ojambulira amakwanitsa kudzutsa kadonthoko. Pamabadwa kathovu ka micrometre 20 mpaka 30 kamene kamakakamira m'timitsempha ta chotupa kwa mphindi zingapo, ndipo akakagwedeza ndi mafunde ofatsa, khoma la mtsempha limatseguka pang'ono kuti mankhwala a khansa alowe. Kuyesa koyamba pa anthu kunayamba mu 2019 ku chipatala cha Royal Marsden ku England, pa odwala amene khansa yawo inafalikira ku chiwindi. Kumeneko kunali kuyesa kwa gawo loyamba, kumene cholinga chake chachikulu ndi kuona chitetezo pa anthu ochepa. Mankhwala a timadontho todzutsidwa ndi mafunde sanafike poti dokotala n'kukulemberani.

Mayi Nabanda: Yankho limeneli ndalilandira, chifukwa mwanena pamene zafika osawonjezera. Ndaonanso kuti anthu a ku Norway sanathawe chitsekerero chimene ndimaopa, koma anachipatsa malire a msinkhu ndi a nthawi. Mpweya wa mu diripi ulibe malire otere, choncho ophunzira anga apitirizabe kukalipiridwa.

Nankhoma: Kwa ife ojambula, chimene ndatolapo ndi chakuti chida chodzutsira chingakhale makina ofanana ndi amene timaunikira amayi oyembekezera, osati chimakina chodzaza chipinda. Koma ndinene moona mtima kuti kumene ndimagwira ntchito ngakhale kabotolo ka tithovu wamba sindinakagwirepo, ndipo makina ake amafuna pulogalamu yapadera yojambulira tithovu pa mphamvu yotsika kuti tisasweke. Odwala chiwindi amene ndimawaunika, ambiri a iwo a hepatitis B, amafika chotupa chitakula kale, ndipo kwa iwo chosowa choyamba ndi kuunikidwa msanga.

A Mbewe: Ndathokoza nonse. Ndikufuna kuti ana aone ndi maso kuti madzi angapitirire madigiri 100 osawira. Ndamva kuti madzi otenthetsedwa mu mayikirowevu, m'kapu yosalala, amakhala phee mpaka munthu ataponyamo supuni. Kodi ndingachite zimenezi m'kalasi?

Chisale: Musayese, aphunzitsi, chifukwa madziwo amadumpha onse nthawi imodzi ndipo awotchapo anthu kumaso ndi m'manja. Tengani sirinji yaikulu yopanda singano kwa Mayi Nabanda, mukokeremo madzi otentha a madigiri 50 kapena 60, muchotse mpweya wonse monga iwo amachitira, mutseke kukamwa kwake ndi chala, kenaka mukoke mwamphamvu. Madziwo adzawira ana akuona, ndipo mukasiya kukoka thovulo lidzabwerera kukhala madzi, zimenenso zimachitikira tithovu tina ta perfluorocarbon funde likadutsa. Ngati mukufuna kusonyeza za poyambira, thirani shuga mu botolo la Fanta longotsegulidwa kumene, koma muwauze ana kuti pamenepo ukutuluka ndi mpweya umene unasungunuka mu chakumwacho, osati chakumwacho kusanduka nthunzi, chifukwa akasokoneza ziwirizi pa mayeso mudzandiimba mlandu ine.

Mayi Nabanda: Sirinji ya mamililita 20 ndi imene ingakuthandizeni, aphunzitsi, chifukwa yaing'ono thovu lake ana a kumbuyo sadzaliona. Mukagule yatsopano ku famase, za kuchipatala zimawerengedwa.